Chigayo cha Elton ndi Ndodo ya a Solomon

Mukafika ku Ching'ambo n'kufunsa za Elton Longwe, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma mungoti mukufuna Eyiti-Eyi, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pamphambano akulozerani ndi mlomo: uko, kababashopu kobiriwira kamene malata ake akunjenjemera. Musaganize kuti ndi mphepo ikuwanjenjemeretsa. Ndi sipika.

Elton ndi wometa, ndipo amameta bwino, tisamunamizire. Vuto lake n'lakuti sameta pakamwa pali potseka. Ukangokhala pampando, iye n'kukukulunga nsalu m'khosi, dziwa kuti wagwidwa, poti ndani angadzuke kuthawa mutu uli wometa theka? Pamenepo m'pamene amayamba ulaliki wake.

"Bwana, mukuimva iyi? Imeneyi ndi teki hausi. Mverani pansipo. Gu, gu, gu, gu. Kugunda ka 126 pa mphindi, osaonjeza, osachotsera. Ndiye mtima wa munthu wosangalala umenewo."

Wometedwayo amangoti "ehe," maso ali pagalasi, uku akupempherera khutu lake.

Kwa inu amene Mulungu anakutetezani osakumana naye, teki hausi ndi nyimbo zovina za ng'oma ya makina. Ng'omayo imagunda chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, besi imangozungulira pamalo amodzi, kenaka mwina mayi wina anene timawu tiwiri tachingerezi n'kumatibwereza mpaka mawa. Elton anaidziwa kudzera mwa kasitomala wina wochokera ku Joni amene anaiwala fulashi pashelefu. Mwini fulashiyo pobwera kudzaitenga anapeza zinthu zitaipa kale, wometa wake atatembenuka mtima.

Chiphunzitso chake chili ndi mitu iwiri. Woyamba ndi liwiro. "Nyimbo siitsatira munthu," amatero akugwedeza chipeso m'mwamba, "munthu ndiye amatsatira nyimbo. Amene sangakwanitse akhale pansi." Wachiwiri ndi kiyi. Pakhoma, pamene ometa anzake amamata zithunzi za masitayilo a tsitsi, iye anamatapo chithunzi chozungulira ngati nkhope ya wotchi, manambala kuyambira 1 mpaka 12, nambala iliyonse ili ndi A ndi B. Akuti nyimbo iliyonse padziko lapansi ili ndi nyumba yake pamenepo. Ya ku 8A ingathe kukapala moto ku 7A kapena ku 9A, poti ndi oyandikana nyumba. Ingalowenso ku 8B, poti ndi mpanda umodzi. Koma ukaitenga n'kukaikwatitsa ku 2B, ukwati umenewo sufika ndi kwa ankhoswe komwe. Dijeyi weniweni, malinga ndi Elton, amalumikiza nyimbo zapachibale zokhazokha, pa liwiro limodzi, ina ikutuluka ina ikulowa, msoko osaoneka.

Mwa nyumba zonsezo iye amakonda 8A, n'chifukwa chake dzina lija. Chilichonse chokoma amati chili ku 8A. Zina zonse amazipezeranso malo: hutala ya minibasi, galu wa aneba, belu la sukulu. Ngakhale mkazi wake Temwani sanapulumuke.

"Amayi a Zikani, mukamaseka mumakhala ku 8A ndendende. Koma mukakwiya mumasamukira ku 3B."

"Ndisamukira kwathu ku Ekwendeni mukapanda kugula makala," amayankha Temwani.

Nthenda imeneyi Elton sanaitole pamsewu. Bambo ake, a Solomon Longwe, anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Chintheche ali mnyamata kudzaphunzitsa sukulu, ndipo kwa zaka zambirimbiri anali otsogolera kwaya kutchalitchi kwawo ku Masasa. Khutu lawo linali loopsa, abale. Nyimbo isanayambe ankatseka pakamwa n'kung'ung'uza kiyi, "mmm," kwaya yonse n'kuitola pamenepo. Wina akangoitaya, ankatha kuimitsa nyimbo pakati pa mapemphero, abusa ali pompo, chala chili m'mwamba: "Ayi!" Panali mtsikana wina wa alito dzina lake Selina amene ankatsetsereka kawirikawiri. Anamudzudzula, anamudzudzula, mpaka anamukwatira. Amenewo ndiwo amayi ake a Elton.

Tsiku loyamba kulowa m'babashopu ya mwana wawo, a Solomon anaima pakhomo, namvetsera sipika ija kwa kanthawi mutu uli chopendekera.

"Mwana wanga, chigayo chimenechi chimagaya nthawi yanji? Ndikungomva kulira, ufa sindikuuona."

Kuyambira pamenepo nyimbo za Elton pabanjapo zinangokhala chigayo. Zinkamuwawa, ngakhale ankaseka nawo. A Selina ndiwo ankaweruza mlanduwo: "Inu awirinu musanyozane. Nthenda yanu ndi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amadwalira m'tchalitchi, wina m'babashopu."

Loweruka Elton amavula epuloni n'kukhala dijeyi wa maukwati, ndipo kumeneko n'kumene amasenza mtanda wake. Mtandawo dzina lake Blackson, emusi wa suti yonyezimira amene amayenda naye maukwati ambiri. Paukwati gulu lililonse limafuna nyimbo yakeyake: akuchimuna yawo, akuchikazi yawo, a kuntchito kwa mkwati yawo. Elton akangoyamba kulowetsa nyimbo mwaulemu, kuinyengerera kuti igwirane manja ndi inzake, Blackson amakuwa pamaiki: "Dijeyi, dula!" Ndiye nyimbo imafera pakati ngati nkhuku ya alendo.

Kamodzi kokha, paukwati wina ku Zolozolo, Mulungu anamumvera chisoni Elton. Blackson anadya china chake chimene sichinagwirizane naye, ndipo anasowa kwa nthawi ndithu. Elton anapeza ufulu. Analumikiza nyimbo mulu, zonse zapachibale, kuchoka ku 8A kukayendera aneba n'kubwerera, popanda ndi kamsoko komwe. Ali mkati mosangalala, anangoona azakhali a mkwati aima patebulo pake manja ali m'chiuno.

"Achimwene, fulashi yanuyi yakakamira kapena? Chiyambire nyimbo imodzimodzi!"

Elton anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Anawagwira chanza ndi manja awiri. "Yewo, amama, yewo chomene!" Mayiwo anabwerera kumpando akupukusa mutu, kuuza anzawo kuti mnyamatayo sizikumuyendera. Mpaka lero Elton amaikamba nkhaniyi ngati analandira mendulo.

Chaka chatha, mvula ili mkati, a Solomon anagwa pakhonde. Inali sitiroko. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja italemera, mwendo ukukokeka, kamwa itapotokera kumodzi, mawu akutuluka ophwanyikaphwanyika. Munthu amene ankaimitsa tchalitchi chonse ndi chala chimodzi anayamba kubisala. Kutchalitchi anasiya. A kwaya akabwera kudzawaona, ankauza a Selina kuti anene kuti agona. Ankakhala kukhonde lakuseri, moyang'anana ndi nthochi, ndodo ili pamiyendo. Mlendo yekhayo amene ankamulola anali Elton, yemwe Lolemba lililonse ankakwera chitunda cha ku Masasa kukawameta.

Kenaka Rhoda, mlongo wake wa Elton, chitsiriza m'nyumbamo, anapeza banja. Tsiku la ukwati litadziwika, anapempha chinthu chimodzi: kuti polowa m'holo adzalowe atakolowekana mkono ndi bambo ake. A Solomon anakana kwamtuwagalu.

"Holo yonse ija, mafoni ali m'mwamba, ine ndikukoka mwendo ngati thumba la makala? Ayi. Mudzandikhazike pafupi ndi chitseko anthu asanafike."

Rhoda anabwera ku babashopu masana, anadikira kasitomala atuluke, n'kukhala pampando wometera uja misozi ili mbwe.

"Achimwene, ine za keke wamkulu, za galimoto zamaluwa, sindikuzifuna. Ndikufuna adada andilowetse. Akapanda kudzuka tsiku limenelo, ndikudziwa sadzadzukanso."

Elton anatsitsa sipika, chinthu chimene sachitira ndi apolisi omwe. Anadziguguda pachifuwa. "Zisiye m'manja mwanga, mlongo wanga."

Nzeru yake inali yabwino ndithu poyambira. Panali nyimbo ina imene a Solomon anapeka okha kalekale, yoyamika, yachitonga, imene kwaya inajambulitsa iwo akadali ndi mphamvu. Nyimboyo imayamba ndi mtsogoleri yekha, kwaya n'kumayankha. Elton anaganiza kuti akaiika pamwamba pa teki hausi, mdalayo akadzangomva mawu akeake adzadzuka yekha. Koma nyimboyo inali yoyenda pang'onopang'ono, ndipo kiyi yake inali cha ku 6, osati ku 8. Apa m'pamene mdyerekezi wa madijeyi analowera. Elton sanaone vuto. Anaikoka nyimboyo pakompyuta, kuithamangitsa mpaka igwirizane ndi 126 wake, n'kuikweza kuti isamukire kumpanda kwa 8A. Atamvetsera m'mahedifoni anadziombera m'manja. Zonse zinali zapachibale, msoko osaoneka.

Lolemba anakwera sakaramento, njinga ya kabaza ija, laputopu ili kumsana, kasipika kali pamiyendo. Atafika anaika zonse pakatebulo kukhonde lakuseri.

"Adada, ndakubweretserani mphatso."

Ng'oma inayamba, gu, gu, gu, gu. A Solomon anakwinya nkhope monga mwa masiku onse. Kenaka mawu awo anatuluka m'sipikamo, koma ha! Anali opyapyala, okwera, othamanga ngati kamnyamata kothamangitsidwa ndi galu. Komabe nyimbo ndi nyimbo, ndipo mwini wake anaizindikira. Mosadziwa anatsegula pakamwa kuti alowe nawo. Mawu anakana kufika pamwambapo. Anakoka mpweya kuti ayesenso, koma mzerewo unali utadutsa kale, kwaya ya m'sipika ikuyankha munthu wina wachinyamata amene sanali iwo.

"Zimitsa."

"Adada, dikirani pang'ono, besi ikulowa pompano..."

"Zimitsa!" Ndodo inamenya simenti. "Ukwatiwo mukavine nokha. Ndi pampando pomwepo sindikakhalapo."

A Selina, amene anamva zonse ali pa chingwe cha zovala, anamutsatira Elton mpaka pageti.

"Iwe Elton, unabadwa ndi makutu awiri abwinobwino, koma onse amangomva sipika. Wawatengera nyimbo yawo n'kuipachika padenga pamene sangaifikire. Ukuona ngati sakudziwa kuti anali ndani? Wafuna uwakumbutse?"

Elton anatsika chitunda cha Masasa wapansi, laputopu ikumulemera ngati njerwa. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Anapita kukakonza, wabwerako atagumula ndi kampando komwe kanatsala kaja. Kunyumba Temwani sanamuseke, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa kusekedwa. Anangomuikira tiyi patsogolo n'kukhala naye.

"Bambo a Zikani, galu wa aneba munamupezera kiyi. Hutala ya minibasi munaipezera. Ine munandipezera ziwiri. Nanga adada ali mu kiyi yanji?"

"Nyimboyo ili ku 6."

"Sindikufunsa za nyimboyo. Ndikufunsa adada, panopa."



Lolemba lotsatira anapita ndi mashini ometera okha. A Solomon sanamuyankhe moni, koma anakhala pampando n'kukweza chibwano, poti ndevu sizidziwa kuti anthu ayambana. Elton anameta pakamwa ali chete, mwina koyamba chibadwire. Mashini ankangolira, zzzz. Ndipo pansi pa kulirako anamva kanthu kena. Mdalayo, maso ali chitsinzinire, ankang'ung'uza nyimbo yake ija, poganiza kuti phokoso la mashini likuwabisa. Chiyambire tsiku lija inali isanawachoke m'mutu.

Elton anatchera khutu. Mawuwo anali pansi, pansi kuposa ndi pamene anajambulira kale paja. Matenda anali atawatsitsa mpaka cha ku 4, dera limene Elton ankati n'kumanda ndipo sankapondako. Anali oyenda pang'onopang'ono, opumira m'njira. Koma kiyiyo, abale, inali yoongoka ngati chingwe cha mmisiri, yosatsetsereka ndi pang'ono pomwe. Elton anapitiriza kumeta ndevu zimene kunalibe, kuti nyimboyo ifike kumapeto.

Atatha, a Solomon anadzuka kulowa m'nyumba. Ndodo, go. Mwendo, khwee. Ndodo, go. Elton anaima ndi burashi m'manja, mutu ukugwedezeka wokha. Ng'oma yake atati aitsitse liwiro, ndodoyo ikanamagwera pa kugunda kwachiwiri kulikonse. Koma sinali yokhazikika. Pena inkachedwa, pena inkafulumira, malinga ndi mmene mwendo wafunira. Palibe kompyuta imene ikanaitsatira yokha.

Masabata otsalawo makasitomala anaona zachilendo. Sipika inali chete, wometa akungong'ung'uza. Ena mpaka anafunsa ngati kwagwa zovuta. Elton anachotseratu mawu ojambulidwa aja. Anakumba m'kompyuta mwake n'kupeza teki hausi ya ku 4A imene anali asanaiimbepo, yofatsa, ya besi yonenepa, n'kupezanso mnansi wake woti adzalowe pambuyo. Kenaka anapita kwa amayi ake chipewa chili m'manja, ndipo iwo anamutengera kwa amayi a kwaya. Anawapatsa kiyi yatsopano, yotsika ija.

"Nanga adzatiyambitse ndani?" anafunsa mayi wina.

"Mwini wake," anatero Elton.

"Akapanda kuyamba?"

"Tidzadikira."

Zowafikitsa a Solomon kuholo anazigwira a Selina okha. M'mawa wa tsikulo anayala suti pabedi. "Ndasita. Mukapanda kupita ndikaikhazika yokha pampando, anthu azikaipatsa moni." A Solomon anang'ung'udza, koma anavala. Kutchalitchi anakhala m'galimoto, galasi lili lotseka. Kuholo anawalowetsa anthu asanadzaze n'kuwakhazika pafupi ndi chitseko monga anafunira, ndodo ili pakati pa miyendo, maso ali pansi.

Masana amenewo kunkawaza kamvula ka ku Mzuzu kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoganiza. Holo inadzaza. Operekeza akwati analowa ndi masitepe awo, mkwati Timothy analowa ndi amalume ake, anthu akukuwa. Kenaka Rhoda anaonekera pakhomo, chovala choyera chili mbuu. Sanapitirire. Anaima pambali pa mpando wa bambo ake, osawayang'ana, osapempha kanthu.

Elton anatsitsa kabatani ka liwiro kufika pamene chala chake chinali chisanafikepo. Ng'oma inayamba motsitsa, gu, gu, gu, gu. Pamwamba pake anaikapo liwu limodzi lalitali la limba, mmm, monga a Solomon ankaperekera kiyi. Amayi a kwaya anaimirira pamalo pawo, nakoka mpweya, n'kudikira mtsogoleri.

Nyimbo inazungulira n'kufika pamene mtsogoleri amalowera. Zii. Inazunguliranso, n'kufikanso pomwepo. Zii. A Solomon anali chiweramire.

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Elton. Anachita mantha enieni. Ulendo woyamba anawachititsa manyazi pamaso pa nthochi zokha. Ulendo uno akalephera, ndiye kuti wawachititsa manyazi pamaso pa Masasa yense, mwana wawo ataima pakhomo ngati woiwalika. Koma chala chake sanachisunthe. Ubwino wa chigayo n'ngwakuti sichitopa kubwereza. Chinazungulira, n'kuzunguliranso.

Anthu anayamba kunong'onezana. Kumbuyo wina anati, "Yakakamiranso fulashi ija." Blackson, amene chete amamuyabwa ngati chitedze, anakweza maiki kukamwa: "Dije..." Sanamalize. Temwani anali ataima kale pambali pake. Anamulanda maikiyo mwaulemu wonse, n'kuiika m'chikwama chake, n'kutseka zipi.

Elton anaona kuti chala chakumanzere cha bambo ake chikugogoda pamutu pa ndodo, motsatira ng'oma. Chala chokha. Mutu unali chiweramire.

Pamenepo, m'gulu la kwaya, liwu limodzi la alito linalowa lokha. Linalowa pamalo olakwika, ndipo linatsetsereka moonekeratu, mwakuti ngakhale ana anatembenuka. Anali a Selina, maso ali kudenga ngati munthu wosalakwa.

Mutu wa a Solomon unadzuka ngati wina wawabaya ndi singano. Chala chinakwera m'mwamba.

"Ayi!"

Holo yonse inamva. Mdalayo anawayang'ana akazi awo ndi diso lomwe lija la zaka makumi anayi zapitazo. Kwaya yaima, kiyi yaperekedwa, alito akuononga nyimbo yawo iwo ali pompo! Zimenezo a Solomon Longwe sakanazipirira, sitiroko kaya sitiroko. Anadikira chigayo chizungulire, chifike pamalo pake, ndipo analowa.

Mawu anatuluka osasa, zilembo zina zikugwera m'njira. Koma anagwera pakatikati pa kiyi, ndipo kwaya inayankha ngati mvula yoyamba padenga la malata. Anaimbanso mzere wachiwiri, mokweza. Tsono iwo omwe ndiwo ankaphunzitsa kuti munthu saimba chikhalire, mpweya umapindika. Anagwira ndodo, nayesa kudzuka. Mkono wa Rhoda unali kale pamenepo.

Go. Khwee. Go.

Elton anavula mahedifoni n'kuwaponya patebulo. Pakompyuta sanayang'anenso. Chala chili pa kabatani ka liwiro, maso ali pa nsonga ya ndodo. Ndodo ikachedwa, ankaigwira ng'oma kuti idikire. Ikafulumira, ankaikankha. Manambala pagalasi la laputopu ankangokwera ndi kutsika ngati mitengo ya tomato, zinthu zoti dijeyi wina akanaona akanamuchotsa mumpingo. Mlaliki uja wa "nyimbo siitsatira munthu" anali kuthamangitsa nyimbo pambuyo pa ndodo ya mdala, lilime lili panja.

Atafika pakati pa holo a Solomon anaima kuti apume. Mtima wa Elton unaima nawo. Kwaya inagwira liwu lomaliza, chigayo chikuzungulira pamalo amodzi, kudikira. Mdalayo anakoka mpweya, nayambanso. Apo m'pamene Elton analowetsa nyimbo yachiwiri ija, mnansi wa yoyamba, besi yake ikukwawa pansi pa mawu a amayi mpaka inadzaza holo. Palibe anaona msoko. Anthu anangozindikira kuti mapewa awo akugwedezeka. Nthungululu zinaphulika, achinyamata anakwera pamipando, mafoni ali m'mwamba ndithu monga a Solomon ankaopera, koma iwo analibenso nawo ntchito. Anali kalikiliki kuyang'anira alito.

Chakumapeto, magazi a ku Chintheche anawira. Mdalayo anatsamira pa mkono wa Rhoda, nanyamula ndodo m'mwamba, n'kuigwedeza kawiri ngati wovina malipenga. Holo inasokonekera. Elton yekha ndiye anavutika, poti chimene ankatsatira chinali chitachoka pansi, ndipo anangotseka maso n'kuyendera mawu awo.

Mdalayo anamufikitsa Rhoda kutsogolo, nampereka m'manja mwa Timothy, zodzoladzola za mkwatibwi zitasungunuka ndi misozi. Wina anabweretsa mpando, a Solomon anakhala, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Atapezako mpweya anakodola Elton ndi chala chomwe chija. Elton anasiya nyimbo ikuyenda yokha, anadutsa pakati pa anthu, n'kunjuta pambali pa mpandowo.

"Pakati paja," anatero a Solomon, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe cha pachitsime, "unathamanga."

"Munathamanga ndinu, adada. Ine ndimangokutsatirani."

Mdalayo anamuyang'ana. Kenaka mbali yamoyo ya kamwa yawo inakwera, ndipo anaseka, kuseka kwa theka la nkhope kumene pabanjapo anali asanakuone chigwereni. Dzanja lawo lamanzere linagwera pamutu pa Elton n'kukhala pomwepo.

"Lachitatu kuli pulakatisi ya kwaya. Udzanditenge." Anapuma. "Ubwere nacho chigayo chakocho. Kwaya yaonongeka. Amayi ako ayambiranso kutsetsereka."

Elton anagwedeza mutu movomera. Anangoti "yewo," n'kudzuka. Pamene ankafika patebulo pake, Blackson anali atawombola maiki yake m'chikwama cha Temwani, ndipo anakuwa ndi ukali wa munthu amene wakhala chete nthawi yaitali:

"Akuchimuna konzekani! Dijeyi, dula!"

Elton anadula. Anachita kufufuza batanilo ndi chala, poti maso ake sankaona bwino.